Kudzipha: Chifukwa Chiyani Omwalira Ambiri ndi Amuna, Pamene Oyesa Ambiri ndi Amayi?

Sipapita sabata osamva pa wailesi mneneri wa apolisi akulengeza kuti bambo wina wadzipha, achibale akuti kaamba ka ngongole kapena mkangano wa m'banja. Nkhanizi zachuluka moti makutu athu ayamba kuzolowera. Koma amene amamvetsera bwino aona kale kuti pafupifupi onse otchulidwawo ndi amuna. Mukafunsa anamwino olandira odwala mwadzidzidzi, akuuzani zina: amene amabwera nawo usiku ali kwakaya, kenako n'kutsitsimuka, ambiri ndi amayi ndi atsikana. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo aliyense wofuna kupulumutsa m'bale wake ayenera kuzimvetsa.

Kodi ndi zoonadi kuti amene amadzipha kwambiri ndi amuna?

Inde, ndipo si ku Malawi kokha. Bungwe la World Health Organization, lomwe ambiri timangoti WHO, limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse pa dziko lonse. Mu 2019, pa amuna 100,000 aliwonse, amene anadzipha anali 12.6, pamene pa akazi 100,000 anali 5.4. Chaka chomwecho chigawo cha Africa ndicho chinali patsogolo pa zigawo zonse za bungweli, ndipo amuna a muno anafika 18 pa 100,000 aliwonse. Ku Britain, pa anthu anayi odzipha, atatu amakhala amuna. Ku United States ndi pafupifupi anayi pa asanu aliwonse.

Kuno kwathu, apolisi ananena kuti pakati pa Januwale ndi Ogasiti 2020 chiwerengero cha odzipha chinakwera ndi 57 peresenti poyerekeza ndi miyezi yomweyo mu 2019, ndipo oposa 9 pa 10 aliwonse anali amuna. Kumbukirani kuti apolisi amawerenga okhawo amene nkhani zawo zafika ku ofesi. Mabanja ambiri amabisa, n'kungoti malemuwo anadwala mwadzidzidzi, poopa manyazi komanso poopa kuti mpingo ukana kuyimba pa maliro.

Ndiye kuti amayi vutoli silikuwakhudza kwenikweni?

Likuwakhudza kwambiri. M'mayiko ambiri kumene kafukufuku wachitika, akazi ndi amene amanena kawirikawiri kuti analingalirapo zodzipha, ndiponso ndi amene amayesa kwambiri. Matenda ovutika maganizo amapezekanso kwambiri mwa akazi kuposa mwa amuna. Akatswiri awiri, Silvia Canetto ndi Isaac Sakinofsky, analemba za kusemphanaku mu 1998, ndipo mpaka lero ofufuza akupezabe zomwezo.

Vuto ndi lakuti ife timawerenga maliro basi. Mayi amene wapulumuka salengezedwa pa wailesi. Amatuluka m'chipatala patatha masiku awiri kapena atatu, n'kubwerera ku nyumba yomweyo kumene kunachokera mavutowo, atanyamulanso chitonzo cha pa mjigo.

Nanga zimatheka bwanji kuti oyesa ambiri akhale akazi koma omwalira ambiri akhale amuna?

Chifukwa choyamba chili pa njira. Amuna kawirikawiri amagwiritsa ntchito njira zomwe sizipereka mpata wopulumutsidwa. Ku United States, kumene mfuti zili m'nyumba zambiri, oposa theka la odzipha amafa ndi mfuti, ndipo ochuluka mwa iwo ndi amuna. Akazi nthawi zambiri amagwiritsa ntchito njira zomwe zimasiya maola angapo, moti mwana kapena woyandikana naye nyumba akazindikira msanga, achipatala amatha kuchitapo kanthu. Izi sizikutanthauza kuti ululu wa mkaziyo unali wochepa. Kusiyana kwake ndi kwakuti iye anapezeka nthawi ikadalipo.

Chachiwiri ndi chakuti mwamuna amafika pa mapeto asanauzeko munthu. Mayi amapita ku chipatala kambirimbiri pa moyo wake: ku sikelo ya amayi oyembekezera, kokabereka, ku sikelo ya ana, kokatenga njira zolera. Amakumana ndi anamwino ndi alangizi a zaumoyo, ndipo wina mwa iwo angathe kuona kuti nkhope iyi si ya dzana. Bambo amapita ku chipatala akathyoka mwendo kapena malungo akamugwetseratu. Ngakhale akafika, anena za mutu, za msana, za kusowa tulo. Zakuti mtima wake walema sanena.

Chachitatu anachifotokoza bwino Thomas Joiner, katswiri wa za maganizo wa ku America, mu 2005. Iye anati munthu amafika pa ngozi yeniyeni zinthu zitatu zikakumana: kudziona ngati mtolo kwa abale ake, kudziona kuti alibe amene ali naye, ndi kutha mantha ndi ululu komanso imfa. Chomalizachi timachiphunzitsa anyamata kuyambira ali aang'ono. Wagwa, timati dzuka, mwamuna salira. Wamenyedwa, timati kabweze. Akamakula amazolowera ndewu, ngozi, mowa ndi ntchito zowawa, ndipo mantha aja amene amabweza munthu pa mphindi yomaliza amakhala atachepa.

Koma si chibadwa chabe? Mwina Mulungu anangolenga amuna choncho.

Chikanakhala chibadwa, bwenzi zili chimodzimodzi kulikonse ndi nthawi zonse. Sizili choncho. Taonani ku China. Kafukufuku amene anatsogolera Michael Phillips, wofalitsidwa mu 2002, anapeza kuti pakati pa 1995 ndi 1999 akazi a ku China ankadzipha kuposa amuna ndi pafupifupi 25 peresenti, ndipo kumidzi chiwerengero chinali chokwera katatu kuposa m'mizinda. Ambiri anali atsikana ndi amayi achichepere okwatiwa ku midzi ya amuna awo, kutali ndi kwawo, olamulidwa ndi apongozi, ndipo pa khomo lililonse panali mankhwala a kumunda oopsa. Mkangano wa madzulo amodzi unkatha ndi maliro. Zaka zotsatira, atsikana mamiliyoni anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a m'mizinda, anayamba kugwira ndalama zawozawo, anatalikirana ndi apongozi ndi mankhwala aja, ndipo imfazo zinatsika kwambiri. Lero ku China omwalira ambiri ndi amuna, monga kwina konse. Magazi a akazi a ku China sanasinthe pa zaka 20. Chinasintha ndi moyo wawo.

Ku India nako, kafukufuku wa 2018 anaonetsa kuti mu 2016, pa akazi 100 aliwonse odzipha pa dziko lonse, pafupifupi 37 anali a m'dzikolo, ndipo ambiri anali okwatiwa. Kumeneko ofufuza amaloza chala ukwati wa ana, nkhanza za m'banja ndi kudalira mwamuna pa chilichonse.

Choncho funso labwino si lakuti ndani analengedwa wofooka. Tizifunsa kuti m'dera muno mwamuna tamusenzetsa chiyani, mkazi tamutsekera khomo liti, ndipo pa khonde pali chiyani chimene munthu angatole atakwiya.

Tiyambe ndi amuna. Chimawapanikiza n'chiyani kwenikweni?

Ndalama, koma osati umphawi pawokha. Akazi ndi osauka kuposa amuna m'madera ambiri, komabe safa chimodzimodzi. Chimene chimapha mwamuna ndi tanthauzo limene tinaika pa ndalamazo. Tinamuuza kuti iye ndiye mutu wa banja, kuti ufa ukatha, lendi ikapanda kulipidwa, mwana akabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi, wolephera ndi iye. Ntchito ikatha, sataya malipiro okha. Amataya dzina, malo ake pa bwalo, ngakhale mawu ake m'nyumba.

Zimenezi zinaoneka poyera pa nthawi ya mavuto a zachuma a pa dziko lonse a mu 2008. Ofufuza amene anayang'ana mayiko 54 anapeza kuti mu 2009 anthu pafupifupi 4,900 anadzipha kuposa amene ankayembekezeka, ndipo kukwerako kunali makamaka pakati pa amuna, kwambiri m'mayiko amene ntchito zinatha kwambiri. Ife kuno taona kwacha ikugwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thumba la feteleza linakwera mtengo, malipiro sanakwere nawo.

Tiyerekeze bambo wa kabaza pa tauni ina yaing'ono. Njinga yamotoyo anagula ndi ngongole. Tsiku lina yaonongeka, wakatenga katapila kuti akonzetse. Mwezi watha, chiwongoladzanja chakwana theka la ngongoleyo. Wakongolanso kwina kuti atseke koyambako, ndipo ndalama za mkazi wake za ku banki mkhonde wazigwiritsa ntchito osamuuza. Tsopano foni ikalira amayang'ana nambala n'kuibweza m'thumba. Akumana ndi anzake pa siteji, amufunsa, "Zikuyenda, achimwene?" Iye akuti, "Pang'onopang'ono, tikulimbana nazo." Amaseka nawo, amakamba za mpira. Ku nyumba amafika ana atagona. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akudziwa kuchuluka kwa ngongoleyo, ndipo m'mutu mwake yakula kuposa mmene ilili. Amayamba kuganiza kuti mkazi ndi ana zinthu ziwayendera bwino iye kulibe. Ganizo limeneli ndi bodza, ndipo aliyense amene anakulira m'nyumba ya bambo wodzipha angakuuzeni kuti ndi bodza. Koma munthu amene sakamba ndi wina alibe womutsutsa.

Onjezerani juga ya pa foni, imene yalowa ngakhale m'midzi, ndipo anyamata ambiri amailowa pofuna kubweza zimene anataya dzulo. Onjezeraninso matenda okhalitsa, kusowa mphamvu m'nyumba kumene mwamuna sangayerekeze kutchula, ndi ukalamba. M'mayiko ambiri amuna okalamba ndi amene ali pa ngozi yaikulu kuposa gulu lina lililonse: ntchito inatha, mkazi anamwalira, ana ali ku tauni kapena ku Johannesburg.

Mowa uli ndi mbali yanji?

Yaikulu. Amuna amamwa kwambiri kuposa akazi pafupifupi kulikonse, ndipo ambiri amamwa kuti agone kapena aiwale. Mowa umazamitsa chisoni, umabweretsa ngongole zina ndi ndewu ku nyumba, ndipo pa usiku woipawo umachotsa kudziletsa. Ku Soviet Union, boma la Mikhail Gorbachev litachepetsa kugulitsa mowa kuyambira mu 1985, imfa za amuna odzipha zinatsika kwambiri, ndipo zinakweranso malamulowo atafooka. Bambo amene wayamba kulawira kachasu m'mawa, pamene kale ankamwa Loweruka lokha, sitiyenera kungomunena kuti wasanduka chidakwa. Tifunse chimene chayambitsa.

Timamvanso kawirikawiri kuti "anakangana ndi mkazi wake". Bwanji kutha kwa banja kumagwetsa amuna chonchi?

Émile Durkheim, katswiri wa ku France, anaona kale mu 1897 kuti ukwati umateteza amuna ku kudzipha kuposa mmene umatetezera akazi, ndipo kafukufuku wa masiku ano akuonetsabe kuti amuna osiyidwa kapena osudzulana ali pa ngozi yaikulu. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mkazi amakhala ndi amayi ake, achemwali, anzake a kumvano, a ku mjigo, a ku chigayo. Mwamuna ali ndi anzake ambiri ocheza nawo, koma woululira za kukhosi amakhala mmodzi, mkazi wakeyo. Iyeyo akachoka, amatsala yekha pakati pa gulu.

M'madera a chikamwini muli chinanso. Banja likatha, mkamwini amachoka ndi kachikwama, n'kusiya nyumba imene anamanga, munda umene anaswa mphanje, ndi ana amene ndi a kwa mayi awo. Amabwerera kwawo ali wamkulu, kukapempha pogona kwa alongo ake. Kumadera olowola zimatembenuka, wochoka chimanjamanja n'kusiya ana amakhala mkazi. Ankhoswe akamathetsa banja aziganizirako za amene akutuluka pa khomo kuti akukafikira kuti ndipo akhala ndi ndani mwezi woyambawo.

Apa pafunika kunena mosabisa: mkazi amene wachoka pa banja la nkhanza si amene wapha mwamuna wake. Alipo amuna amene amagwiritsa ntchito mawu akuti "ukandisiya ndidzipha" ngati chingwe chomangira mkazi. Mawuwo tiziwatenga kuti ndi oopsa, ndipo achibale a mwamunayo ndi achipatala adziwitsidwe msanga. Koma yankho lake si kubweza mkazi kuti azikamenyedwa.

Nanga akazi, chimawafikitsa pamenepa n'chiyani?

Choyamba ndi nkhanza. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi amayi 4 pa 10 aliwonse amene anakwatiwapo ku Malawi anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa ndi mawu. WHO inanena mu 2013 kuti amayi ozunzidwa ndi amuna awo amadwala matenda ovutika maganizo pafupifupi kawiri kuposa anzawo, ndipo kafukufuku wake m'mayiko osiyanasiyana anaonetsa kuti nkhanza zimayendera limodzi ndi kuyesa kudzipha. Kugwiriridwa ali mwana kumasiya bala limene limatha kutseguka patapita zaka zambiri, kwa atsikana ndi anyamata omwe, ngakhale kuti ogwiriridwa ambiri ndi atsikana.

Chopweteka n'chakuti mayiyo nthawi zambiri amakhala atalankhula. Anapita kwa ankhoswe, anamuuza kuti banja ndi kupirira. Anapita kwa amayi ake, anamuuza kuti, "Mwanawe, ifenso tinadutsa momwemo, bwerera, ana ako adya chiyani kuno?" Anapita kwa amayi abusa, anapemphera naye n'kumuperekeza mpaka pa msewu. Mwamuna amafa asanagogode pa khomo lililonse, pamene mkazi amagogoda paliponse n'kubwezedwa. Tikamati anthu azilankhula za mavuto awo, tizikumbukira kuti amayi ambiri analankhula kale, ife ndi amene sitinamve.

Chachiwiri ndi ukwati ndi mimba za ana. Kafukufuku yemwe uja anapeza kuti atsikana pafupifupi 42 pa 100 aliwonse anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, koma maukwatiwo sanathe. Ganizirani mtsikana wa Fomu 2 amene wazindikira kuti ndi woyembekezera. Mnyamata wakana, bambo ake analumbira kale kuti wotenga mimba asadzapondenso pa khomo pawo, ndipo akudziwa kuti fizi yake inachokera ku mbuzi yomaliza. Masiku amene akubisa mimbayo yekhayekha ndi oopsa kwambiri. Mawu oyamba amene kholo lilankhule likamva nkhaniyo ndi olemera kuposa onse amene lidzalankhule pambuyo pake.

Chachitatu ndi uchembere. Timaganiza kuti mayi amene wangobereka ayenera kukhala wosangalala, koma amayi oposa mmodzi pa 10 aliwonse amadwala matenda ovutika maganizo ali oyembekezera kapena atangochira. Amalira popanda chifukwa chooneka, sagona ngakhale khanda litagona, amadziona ngati mayi woipa, ena amaopa ngakhale kumugwira mwanayo. Ku Britain, kumene imfa iliyonse ya mayi wochira amaifufuza, apeza kuti kudzipha kuli m'gulu la zifukwa zotsogola za imfa za amayi kuyambira masabata 6 mpaka chaka chimodzi atabereka. Ndi matenda, ndipo amachizika. Apongozi amene akumunena kuti ndi waulesi sakudziwa chimene akuona.

Palinso kusabereka, kumene mlandu wake timaukankhira mkazi ngakhale vuto lili kwa mwamuna, kulandidwa katundu mwamuna akamwalira, ndi kutchedwa mfiti ukakalamba.

Ena amati mkazi woyesa kudzipha amangofuna kuopseza anthu. Si zoona?

Ayi, ndipo maganizo amenewa apha anthu ambiri. Pa zinthu zonse zimene zimachenjeza kuti munthu angadzadziphe, chachikulu ndi chakuti anayesapo kale, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Miyezi yoyambirira atatuluka m'chipatala ndiyo yofunika kumuyang'anira kwambiri. Munthu amene wapulumuka n'kulandiridwa ndi mawu akuti "ukanafuna kufa ukanafa" waphunzira chinthu chimodzi: kuti ulendo wina asadzapezeke msanga.

Koma pali nkhani yabwino imene sitiikamba mokwanira. Kafukufuku wotsatira anthu opulumuka kwa zaka zambiri akuonetsa kuti pafupifupi 9 pa 10 aliwonse sadzafa ndi kudzipha. Mdima uja umadutsa. Ambiri amakhala ndi moyo, amalera ana, amakalamba.

Kodi zizindikiro zimasiyana pakati pa mwamuna ndi mkazi?

Zina ndi zofanana: kunena zakufa, kunena kuti "ndatopa nawo moyo uno" kapena "mudzandikumbuka", kusagona, kusadya, kudzipatula, kugawa katundu, kutsanzika mosadziwika bwino. Koma mwa amuna ambiri chisoni chimavala nkhope ya ukali. Bambo amene anali wofatsa wayamba kukalipa pa zazing'ono, kumenya ana, kuyendetsa njinga ngati wosafuna kufika, kumwa mosalekeza, kujomba ku ntchito. Pa khomo amangoti bambo asintha, n'kumawathawa, pamene imeneyo ndiyo nthawi yowayandikira.

Chenjerani ndi bata lobwera mwadzidzidzi. Munthu amene wakhala wosweka mtima kwa miyezi, lero wadzuka wosangalala, wabweza wilibala imene anabwereka, wauza mkazi wake nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni, wapatsa mphwake jekete limene amalikonda. Achibale amapuma kuti wachira. Nthawi zina kumakhala kuti wamaliza kuganiza.

Ndikamufunsa mwachindunji, sindimupatsa maganizo amene analibe?

Simumupatsa. Ofufuza ayang'ana funso limeneli kambirimbiri ndipo sanapeze umboni woti kufunsa kumaonjezera ngozi. Ambiri amamva kupepukidwa kuti wina watchula chimene iwo amalephera kutchula.

Kafunsidwe ndiko kofunika. Mwamuna sakonda kukhazikidwa pa mpando n'kuzunguliridwa ngati pa mlandu. Mutengeni popita ku munda, pokonza njinga, pobwera ku mpira, muli awiri. Yambani ndi zimene mwaona: "Alamu, masiku ano simukuoneka ku tchalitchi, ndipo mwaonda. Chikuchitika n'chiyani?" Akayankha kuti zili bwino, musathamangire kuvomera. Khalani chete pang'ono, funsaninso. Kenako nenani mawuwo osazungulira: "Kodi mwafika poganiza zodzipha?" Akavomera, musamudzudzule, musamulalikire za Gehena, ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi. Musamusiye yekha usiku umenewo. Chotsani pa khomo chilichonse chimene angadzivulaze nacho, itanani wachibale amene iye amamukhulupirira, ndipo mupite naye ku chipatala. Ngati vuto ndi ngongole, khalani pansi mulembe zonse pa pepala, mupite limodzi kwa okongozawo. Ngongole yolembedwa ndi anthu awiri imachepa mphamvu kusiyana ndi yosungidwa m'mutu mwa munthu mmodzi.

Kwa mayi, funso loyamba likhale lakuti, "Asisi, ku nyumba kuli mtendere? Alipo amene akukupwetekani?" Mufunseni mwamuna wake palibe. Ngati akuzunzidwa, uphungu wokha sukwanira, pafunika malo oti agone mosaopa.

Kuchotsa mankhwala pa khomo kungathandize chiyani? Wofuna kufa sapeza njira ina?

Ambiri sapeza, chifukwa nthawi ya ngozi yeniyeni imakhala yaifupi. Opulumuka ambiri amanena kuti kuchokera pamene anatsimikiza mpaka pamene anachita sipanathe ola. Ngati pa ola limenelo palibe choopsa pafupi, mkwiyo umatsika, mowa umatha, wina amagogoda.

WHO imati pafupifupi imfa imodzi pa zisanu zilizonse za kudzipha pa dziko lonse imachokera ku mankhwala a kumunda, makamaka m'midzi ya mayiko osauka. Sri Lanka inali pakati pa mayiko okhala ndi chiwerengero chokwera kwambiri mu 1995. Boma linaletsa mankhwala oopsetsetsa angapo, ndipo pofika 2015 kudzipha kunatsika ndi pafupifupi 70 peresenti. Ofufuza amati miyoyo pafupifupi 93,000 inapulumuka, ndipo zokolola sizinagwe. Dziko la alimi ngati lathu, kumene mankhwala a mbewu ndi a makoswe amagulitsidwa pa mphasa mu msika, m'timapepala topanda dzina, liyenera kuphunzirapo. Pa khomo panu, mankhwala otere azikhala kotsekedwa ndi loko, kunja kwa nyumba yogona, ndipo musagule ochuluka kuposa amene muthire.

Nanga lamulo, mipingo ndi atolankhani akuthandiza kapena akuonjezera?

Malamulo a milandu amene tinatengera kwa atsamunda akhala akutenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, pa ndime 229. Lamulo lotere limagwera opulumuka, ndipo taona kale kuti opulumuka ambiri ndi akazi. Limachititsanso achibale kuzengereza kupita ndi munthu ku chipatala poopa apolisi. Ghana inachotsa lamulo lofanana nalo mu 2023, ndipo khoti lalikulu la ku Kenya linagamula mu Januwale 2025 kuti lawo likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Munthu wotere ndi wodwala, malo ake si chitokosi.

Mipingo ili ndi mwayi umene chipatala chilibe, chifukwa imafika m'mudzi uliwonse. Amayi ali ndi magulu awo olimba. Magulu a abambo m'mipingo yambiri amakumana pokambirana za kumanga tchalitchi ndi zopereka, osati za mitima yawo. Pamenepo pali ntchito.

Atolankhani nawo asiye kufotokoza njira imene munthu wagwiritsa ntchito, ndi kulemba ngati kuti chifukwa chinali chimodzi, "wadzipha kaamba ka nsima". Sipakhala chifukwa chimodzi. Ku Vienna, manyuzipepala atagwirizana mu 1987 kusintha kalembedwe ka nkhani za odzipha pa sitima za pansi pa nthaka, imfa zoterozo zinatsika kwambiri m'miyezi yochepa. Inunso amene mumatumiza zithunzi za malemu pa WhatsApp ndi Facebook, dziwani kuti pa gulupo pali wina amene ali pa mphepete.

Thandizo lingapezeke kuti?

Yambani ndi chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi, mufunse wa zamaganizo. Zipatala za m'maboma zimakhala ndi anamwino kapena madokotala ophunzira za matendawa, ndipo zikafunika amatumiza ku Zomba Mental Hospital. A St John of God ali ndi zipatala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo amathandizanso ofuna kusiya mowa ndi chamba. Wozunzidwa m'banja apite ku Victim Support Unit ya ku polisi kapena ayimbe 5600, ndipo za ana nambala yake ndi 116. Manambala awiriwa ndi aulere.

Madokotala a zamaganizo ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, koma si onse ofunika dokotala. Ku Harare, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, kuphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pa benchi kunja kwa chipatala n'kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pa benchipo anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Ambiri mwa obwera pa benchi anali amayi, ndiye funso latsala kwa ife abambo ndi lakuti benchi yathu tiyika pati: pa bawo, pa siteji ya kabaza, pa shedi ya fodya, kapena kumanda pamene adzukulu akupuma.

Ngati inuyo amene mukuwerenga muli ndi maganizo amenewa, musadikire kuti wina azindikire. Uzani munthu mmodzi lero lomwe, mupempheni akhale nanu usiku uno, ndipo mawa m'mawa mupite limodzi ku chipatala.